Makiyi a Kabati

M'kalasi anatilembera pabolodi:
kukonzekera, kugawa ntchito, kuyang'anira, kuunika.
Ndinakopera bwinobwino m'kope,
n'kudula mzere pansi ndi cholembera chofiira.
Mayeso ndinakhoza.

Lolemba m'mawa Sisita Chimbalanga
anandiponyera makiyi a kabati ya mankhwala.
"Sabata ino wodi ndi yako, ine ndingoonerera."
Makiyi atatu okha omangidwa pabandeji,
koma thumba la yunifolomu linalendewera
ngati ndaikamo mwala wa ku Soche.

Odwala makumi asanu ndi anayi, mabedi makumi anayi.
Anamwino atatu:
mmodzi mwana wake watentha thupi ku Mbayani,
wina akadali pasiteji ku Lunzu.
Magolovesi bokosi limodzi ndi theka.
Ndinawerenga kawiri, ngati kuti angaswane.

Ndandanda ya ntchito ndinailemba ndi pensulo,
kufufuta, kulemba, kufufuta,
mpaka pepala linabooka pa dzina la Lonjezo,
mnzanga wogona naye chipinda chimodzi.
Ndinamuika Loweruka usiku,
tsiku la chinkhoswe cha mkulu wake ku Chilomoni.
Sanakangane nane.
Anangondibwezera sopo amene ndinamubwereka,
n'kumuika pawindo.

Lachitatu ndinayenera kuuza a Makwinja,
amene anayamba kubaya jakisoni ine ndisanabadwe,
kuti sanalembe mankhwala a pabedi seveni.
Mawu ndinakayeserera kubafa, pagalasi long'aluka.
Nditaima pamaso pawo kukhosi kunauma gwaa.
"Pepani bambo, fayilo iyi ikukufunani."
Anandiyang'ana pamwamba pa mandala,
analemba, nasaina,
nati, "Tsiku lina usadzayambe ndi pepani."

Loweruka, cha m'ma thuu koloko usiku, magetsi anathima.
Jenereta isanatsokomole
makina a mpweya anangoti zii,
ndipo odikirira odwala anadzambatuka pamphasa zawo m'khonde.
Ndinafuna kuthamangira paliponse ndekha,
manja awiri, mabedi makumi anayi.
Anandigwira mkono ndi mayi Nasibeko okolopa:
"Mwanawe, silinda yodzadza ili kuseri kwa chitseko.
Tuma anzako. Iwe ima pano uone onse."
Ndinaima.
Ndinaitana Lonjezo, ndinaitana a Makwinja,
mawu akunjenjemera
koma anafika mpaka kubedi lakumapeto.
Lonjezo anakoka silinda ija, foni ataluma kukamwa kuti iunike.

Dzina la mayi Nasibeko silili pandandanda yanga.
M'kope muja mulibenso mutu wonena za iwo.

Bambo a pabedi thwelofu anatisiya kusanache.
Si chifukwa cha magetsi, adokotala anatero,
koma ndine ndinalemba nthawi yake,
ndine ndinapita kwa mkazi wawo
amene anali atawasungira phala m'fulasiki.
Ndinagwada kuti maso athu afanane.
Fomu ya lipoti ili ndi mzere wa chilichonse
kupatula wolembapo kuti ndinachita mantha.

Lamulungu ndinabweza makiyi.
Sisita sanafunse zimene ndaphunzira.
Anatsegula kabati, nawerenga mabotolo,
nafunsa kuti, "Wadya?"
Kenaka anatenga ndandanda yanga yobooka ija
n'kuikhoma pakhoma momwemo.

Kunja kwa geti la Gulupu kunali chiperoni,
Ndirande osaoneka n'komwe.
Kondakitala wa minibasi ya ku Zingwangwa
ankapanikiza anthu anayi pampando wa atatu,
akudziwa amene atsikire pafupi, amene ali ndi katundu,
amene sanapatsidwe chenji.
Ndinapezeka ndikumuwerengera mipando.

Lonjezo anakhala pambali panga, maso ali psuu.
Tinadutsa Ginnery Corner osayankhulana.
Kenaka anatulutsa foni,
nandionetsa chithunzi cha mkulu wake
atavala chitenje chobiriwira, akuseka.
"Sabata yamawa makiyi ndi anga," anatero.
"Ukonzekeretu Loweruka."
Anagona paphewa langa tisanafike pa Kudya.